Makadi osanunkha fodya

Achimwene, mwafunsa chimene chimanditsekera m'nyumba kuno ku Glasgow, kumene mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Ndikulemba pulogalamu yosakaniza ndi kugawa makadi m'chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa Haskell. Chinatuluka mu 1990, ndipo GHC, chida chomasulira malamulo ake kuti kompyuta imve, chinayambira pa yunivesite ya mumzinda uno.

Haskell ali ndi mwambo wake: chimene wapanga sichisinthika. Mulu wa makadi 52 suugwedeza ayi. Umatolapo khadi limodzi mwachisawawa n'kuyamba nalo mulu watsopano, kenako n'kutolanso pa 51 otsalawo, mpaka onse atatha, wakale uja uli chikhalire. Katoledwe kameneka anakalemba Fisher ndi Yates mu 1938. Koma chisawawacho n'chongonamizira, chimachokera pa nambala imene waipatsa kompyuta poyamba. Ukabwereza nambalayo, aliyense alandiranso makadi omwe aja, lero, mawa ndi mkuja.

Zikatero mtima umathawira kwathu ku Malomo, pakhonde la golosale paja, fumbi la magalimoto a pakati pa Kasungu ndi Nkhotakota likutilowa m'maso. Makadi athu anali akuda ndi thukuta, onunkha fodya wa m'zigafa, ndipo aliyense ankadziwa kuti long'ambika pakona lija ndi kingi. Inu munkanyambita chala musanagawe, wina n'kukuwa, "Aphiri, tidule kaye!" Mayi ankati njuga imathetsa banja, ndiye ife tinkangobetcha mtedza wokazinga, maso ali kunjira kuopa agulupa a mpingo.

Akatswiri a masamu amati njira zosanjira makadi 52 n'zochuluka moti chiwerengero chake chimalembedwa ndi manambala 68. Ndiye kuti makadi akasakanizidwa bwino, mmene mulu wonse wasanjikira lero sudzawaonanso atabwera chimodzimodzi. Kuno, pongobwereza nambala ija, ndingawaitanitse nthawi ina iliyonse, koma a pakhonde paja anapita ndi tsiku lake, pamodzi ndi anzathu ena amene tinakawasiya kumanda.

Pulogalamu yanga siibera munthu, n'chifukwa chake palibe wokangana nayo, palibenso woseka. Mundilembere amene akukhalabe pakhonde paja. Ndikabwera pokolola soya mundisungire malo pamphasa, koma ogawa musadzakhale inu, chala chanu chija ndimachidziwa.