Ku Göttingen, zivomezi zimalembedwa pa mwaye

Mukakwera chitunda cha Hainberg, kunja pang'ono kwa mzinda wa Göttingen ku Germany, mumapeza kanyumba m'nkhalango, kolowa pansi ngati kakubisala. Apa ndi pamalo oyezera zivomezi omwe Emil Wiechert anakhazikitsa m'chaka cha 1902. Makina ake akugwirabe ntchito mpaka lero, patadutsa zaka zoposa 120.

M'katimo ndi mozizira, ndipo alendo amayenda monyang'ama chifukwa makinawa sachedwa kumva phazi la munthu. Ena mwa iwo ali ndi chinthu cholemera matani 17. Nzeru yake ndi yosavuta: nthaka ikagwedezeka, nyumba imagwedezeka nayo, koma chinthu cholemera chimachedwa kusuntha. Kusiyana kumeneku kumakulitsidwa ndi timikono tachitsulo mpaka kufika pa kasingano kokanda pepala lodetsedwa ndi mwaye. Inde, mwaye womwewo wa kukhitchini kwa agogo! Chivomezi chomwe chinagumula San Francisco mu 1906 chinasiya mizere yake pa pepala lotere kuno, kutsidya kwa nyanja.

Panja pali chimene ana amadzera: chimpira chachitsulo cha matani 4 chomwe amachikweza mamita 14 n'kuchisiya kuti chigwe. Chikamenya pansi, mumachimva m'maondo. Ludger Mintrop, wophunzira wa Wiechert, anayamba zimenezi mu 1908 kuti apange kachivomezi kake, aone momwe kugwedezekako kumayendera m'miyala. Njirayi inadzathandiza pofufuza mafuta pansi pa nthaka. Pafupi pomwepo pali kanyumba kamatabwa ka Carl Friedrich Gauss, komangidwa popanda misomali yachitsulo kuti isasokoneze zoyezera maginito.

Malowa anatsala pang'ono kutha. Yunivesite itafuna kuwasiya mu 2005, anthu odzipereka anapanga bungwe n'kuwatenga. Ndi iwo amene amasintha mapepala, kuwadetsa ndi utsi, komanso kuonetsa alendo. Kwa ine, anthuwa ndi ofunika kuposa chimpira chija, chifukwa makina otere akangoima, mzere wa zaka zambirimbiri umaduka ndipo sulumikizikanso.

Mmalawi amene akukumbukira nyumba zomwe zinagwa ku Karonga mu Disembala 2009 sayang'ana mizereyi ngati zoseweretsa. Dziko lathu lili m'chigwa cha Rift Valley, momwe nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono. Mukaima pafupi ndi kasingano kaja, muona kuti kakunjenjemera ngakhale tsiku limene kulibe chivomezi. Nthawi zambiri amakhala mafunde a m'nyanja zakutali akumenya gombe.