MWANA WANZERU WOSOŴA BWENZI

Makolo anzanga ndi inu achinyamata, pa zaka zimene ndaphunzitsa Sande Sukulu kuno kwa Chembe ndaona kuti alipo ana ena amene Mulungu anawaninkha nzeru zakuya, koma chimene anzawo amachita osaphunzitsidwa, ndicho kupalana ubwenzi, chimawakanika.

Mmodzi wa iwo ndi mnyamata wa zaka 9. Iyeyu amasiyanitsa mbuna za ku chilumba cha Thumbi ndi za ku Domwe pongoona maŵanga ake, ndipo vesi loloŵeza amaligwira akalimva kamodzi. Koma sayang'ana munthu kumaso. Kwaya ikakweza mawu amatseka makutu, ndipo wina akakhala pamalo pake pabenchi amalira kosatonthozeka. Tsiku lina mnzake anati afuna kumtsina khutu. Iye anathaŵa atagwira makutu onse aŵiri, pakuti mawu okuluŵika amawamva monga momwe amvekera. Anzake posambira iye amakhala patali, osati chifukwa cha kunyada, koma sadziŵa poloŵera m'maseŵerawo.

Chimene chimandiŵaŵa mtima ndi zokamba za kuthandala poyanika usipa. Ena ati ngwamwano, asoŵa chikoti. Ena ati atate ŵake anamkhwimira kuti chilimira chawo chizipha nsomba zambiri. Mawu otere anachititsa mai ŵake kuleka kufika ku misonkhano ya amai. Kodi Akhristu tiyenera kusenzetsa banja katundu wotere?

Madokotala amatcha mkhalidwe wonga umenewu autism. Mu 1943 Dr Leo Kanner wa ku Baltimore, ku America, analemba za ana 11 otere, ndipo mu 1944 Dr Hans Asperger wa ku Vienna analemba za anyamata olankhula ngati akuluakulu koma osoŵa abwenzi. Lero nchodziŵika kuti mwana amabadwa nawo, chifukwa ubongo wake umakula mwa njira yakeyake. Suchokera ku ufiti, ku tchimo la makolo, kapena ku katemera. Sipatsirana, ndipo palibe mankhwala a sing'anga ouchotsa. Komanso tisathamange: si mwana aliyense wanzeru ndi wamanyazi ali ndi autism, ndipo si onse a autism ali ndi luso lodabwitsa; ena salankhula konse. Oyenera kuweruza ndi achipatala, ndipo woyamba kumfunsa akhoza kukhala mphunzitsi wa ana ofuna chithandizo chapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu.

Temple Grandin, mai wa ku America wobadwa mu 1947, anachedwa kulankhula ndipo anzake ankamseka kusukulu. Mai ŵake ndi aphunzitsi ena sanamtaye. Anadzakhala profesa wa za ziŵeto, nakonza makola oyendetsamo ng'ombe mosaziopsa.

Nanga ife tichitenji? Ine ndapeza kuti mnyamata uja amakhazikika ndikamuuziratu zimene zichitike, ndikalankhula mawu olunjika, ndi kumlola kutuluka phokoso likachuluka. Ndikampatsa mpata wofotokoza za nsomba, anzake amatchera khutu nayamba kumlemekeza. Inu achinyamata, mwana wotere sasoŵa gulu. Bwenzi limodzi loleza mtima limkwanira. Inu akulu a mpingo, yenderani makolo ake, ndipo dzudzulani miseche. Mtumwi Paulo anaphunzitsa Akorinto kuti thupi silingataye chiŵalo chake chifukwa chooneka chofooka.

Tikumbukire za mudzi wathu uno. Sitima ya Ilala inafika pano mu Okutobala 1875 ndi Dr Robert Laws ndi anzake, koma woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Anadikira munthu mmodzi zaka zoposa zisanu. Ife amene tinaloŵa m'thukuta lawo tisatope ndi mwana mmodzi, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.