Dzina pa Mkuwa, Dzina pa Poto

Nchito yanga m'ofesi ya boma ndiyo kulemba maina a anthu m'mabuku, ndipo ndaona kuti pepala silikhalitsa. Ciswe, mvula ndi kusasamala kwa ife alembi zimalitha msanga. Cifukwa cace ndinaima nthawi yaitali tsiku lina pa cithunzi ca m'buku la zinthu zakale, coonetsa mbale ya mkuwa ya ku Persia, dziko limene lero lichedwa Iran. Mbaleyo inali yozokotedwa maluwa ndi nyama zothamanga, ndipo m'mphepete mwace munali malemba okhotakhota a Cipersia. Koma pa malo ena panali malemba a mtundu wina, oima cilili ngati timitengo ta mpanda. Amenewo anali a Ciarmenia, ochula dzina la mwini mbale.

Aarmenia ndiwo Akristu a kalekale, ndipo malemba ao anawakonza Mesrop Mashtots ca m'ma 405. M'caka ca 1604, pa nkhondo yace ndi Aturuki, Shah Abbas anawacotsa mokakamiza m'mudzi wao wa Julfa pa mtsinje wa Aras. Ambiri anafera m'njira. Otsalawo anawapatsa malo tsidya la mtsinje ku Isfahan, nauchula mudziwo Julfa Watsopano. Kumeneko analemera ndi malonda a silika, kufikira ku Venice, Amsterdam ndi Madras. Tsono munthu wotere, pokhala ndi mbale yokongola ya dziko la eni, amazokotapo dzina lace m'cinenero ca makolo ace, ndipo ena amaonjezapo dzina la atate ao ndi caka, monga mwa ciwerengero cao coyambira mu 552.

Sindikadasamala zonsezi pakadapanda poto wa amai.

Ife tinakulira m'Kalikiliki, pafupi ndi Mtendere, m'nyumba ya zipinda ziwiri. M'komboni maliro akagwa, akazi amatenga mapoto ndi mbale zao kupita nazo ku nyumba ya siwa, ndipo pobwerera sizibwera zonse. Ena amapaka penti kunsi kwa mbale, ena amamanga kawaya pa cigwiriro. Amai sanapite kusukulu, koma anali ndi mwana wa Giredi 3. Madzulo ena anandipatsa msomali nati, "Lemba dzina langa apa, ukanikize ndithu." Ndinalemba NAPHIRI pa poto wao wamkulu, amene anamgula ndi ndalama za tomato. N woyambayo anapenya cammbuyo, ndipo ali comweco kufikira lero.

Atate anamwalira mu 2002. Titangoika maliro, abale ao ocokera kumudzi anayamba kuturutsa katundu: bedi, wailesi, njinga, ngakhale mbaula. Lamulo loteteza akazi amasiye ndi ana linalipo kuyambira 1989, lopatsa ana theka la cuma ca womwalira ndi mkazi gawo limodzi la magawo asanu. Koma lamulo linali m'buku ku tauni, ndipo amai anali pa mphasa, mutu uli pansi, osaloledwa kukweza mau. Potsiriza atate aang'ono anafika pa moto pamene akazi amatsuka ziwiya, nanyamula poto uja.

Mai wina wokalamba, mnansi wathu, anaimirira manja ali ndi phulusa. Sanakalipe ai. Anati, "Bambo Tembo, inu munaphunzira, ife ndife mbuli. Tatiwerengereni zalembedwa apozi."

Anatembenuza potoyo, nayang'ana, nakhala cete. Akazi onse analeka kutsuka. Mbale wao anali Tembo, ndipo dzina la Tembo panalibe. Anamuika pansi pang'onopang'ono napita kukamanga njinga pa galimoto.

Kunena zoona, manyazi ndiwo anapulumutsa poto, si malemba okha. Pakadapanda maso a akazi aja akadapita naye. Komabe manyaziwo anafuna pogwira, ndipo pogwira pace panali zilembo zisanu ndi ziwiri za msomali. M'poto yemweyo amai anaphika zitumbuwa ndi nyemba zogulitsa, ndipo ndalama zace zinandifikitsa ku sukulu ya mishoni.

Mbale ya Mwarmenia uja ili m'galasi ku Ulaya. Odyeramo kulibe, koma akatswiri akali kuwerenga dzina lace patapita zaka mazana atatu. Poto wa amai anabooka kawiri, ndipo wokhoma zidebe wa pa msika wa Mtendere anamuika zigamba. Anafuna kusalaza malo a dzinalo ndi nyundo, koma amai anamletsa. Mwezi wathawu anapita ku maliro ku Kalingalinga, nakhalako masiku anai, nabwera pa mutu pa kamtsikana kamene sitikadziwa.