Magalasi akuda adandikweza phiri la Zomba



Ndiloleni ndifotokozeko za ulendo umene sindidaukonzekere, wokwera phiri limene ndakhala ndikuliona ndili pakhomo pa kalasi kwa zaka zisanu ndi zitatu. Ndimaphunzitsa Jogalafe pasukulu ina ya sekondale yoyendera kummawa kwa boma la Zomba, cha kumene mphepo imayamba kununkha matemba a m'nyanja ya Chilwa. Mapiri ndimawajambula pabolodi chaka ndi chaka, koma la Zomba ndidali nditakwerako kamodzi kokha, ndili pasukulu ya aphunzitsi ku Domasi, ndipo tsikulo kudali chifunga chokhachokha.

Chaka chatha ine ndi mayi a kunyumba tidagwirizana kuti malipiro okha satifikitsa patali. Tidatenga ngongole ku SACCO, tidaphatikiza ndi ndalama za mpunga wa zaka ziwiri, n'kugula Nissan Hardbody yakale ya zitseko zinayi kwa mkulu wina amene adabwera nayo kuchokera ku Joni. Cholinga chidali kunyamula mpunga ndi nandolo, wathu ndi wa anzathu, kupita nazo kumisika. Tsiku logula ndidatenga makaniko. Tidamvetsera injini, tidasuzumira pansi ngati pakudontha oyilo, tidayerekeza manambala a pagalimoto ndi a m'mapepala. Za magalasi palibe adafunsa. Adali akuda bii, onse kupatula lakutsogolo, ndipo kunena zoona ine adandisangalatsa. Mphunzitsi amene wakhala akupalasa njinga zaka zonsezi naye amafuna aoneke ngati bwana tsiku lina.

Kumudzi sadaione choncho. Ana amene amandithamangira ndikakhala panjinga ankati akaona galimotoyo n'kulowa m'chinangwa. Patatha sabata ziwiri, mkulu wina wa m'komiti ya sukulu adandipatula titatuluka pamsonkhano. Adati, "Aphunzitsi, galimoto mwagula, tathokoza. Koma anthu sakuona amene ali m'katimo." Kenaka adandiuza za gogo wina amene akulera mdzukulu wachialubino. Tsiku lina madzulo ndidaimika galimoto pafupi ndi njira ya kwawo, ndikudikira matumba a mpunga. Gogoyo adaiona, ndipo mwanayo sadapite kusukulu masiku atatu.

Amene amakhala m'tauni mwina aseka, koma kuno nkhani zimenezi si nthano. Kuyambira cha mu 2014 anthu achialubino akhala akubedwa ndi kuphedwa m'dziko muno, ndipo boma la Machinga, loyandikana nafe, lidamveka kwambiri pankhaniyi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidayaka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu osalakwa adaphedwa, galimoto zachilendo zidagendedwa. Munthu amene adadutsa m'zimenezi akaona galimoto yosaoneka m'kati itaima pathengo dzuwa likulowa, saganiza za mpunga. Ndidapita kukapepesa kwa gogo uja, ndidalonjeza kuti ndichotsa. Koma mukudziwa mmene timachitira: mawa, mawa, teremu n'kutha.

Amene adandidula ulesi ndi wapolisi wamkazi pa rodibuloko, Lachisanu lina m'tchuthi cha mu Ogasiti, ndikulowa m'tauni pamodzi ndi mwana wanga wamkazi wa Sitandade 4. Adaona laisensi, inshulansi ndi COF, zonse zili bwino, kungoti COF idatsala ndi sabata zitatu. Kenaka adagogoda galasi ndi chala.

"Bambo, ine ndaima pano sindidakuoneni mpaka mutatsitsa galasi. Kaya mwamanga lamba, kaya muli pafoni, kaya mwanyamula ndani, ndidziwa bwanji?"

Ndidayankha zimene aliyense amayankha, kuti ndidagula ili choncho.

"Amene ndamuimitsa ndi inu, osati amene adakugulitsani."

Adandiuza ndikweze galasi ndiyang'ane pakalilole wa kumanzere, ndimuuze chimene chikubwera. Ndidaona chinthu ngati chithunzithunzi. Nditatsitsa, adali wakabaza atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo. Apo n'kuti ili 9 koloko mmawa, dzuwa lili phwee. Nanga usiku, pamene akabaza ambiri alibe nyali? Sadachulutse mawu. Adati ndikachotse tsiku lomwelo, ndipo akadzandipezanso nazo tidzalankhula chilankhulo china.

Pambuyo pake ndidafufuza kuti ndimvetse. Mdima wa galasi amaupima poona kuchuluka kwa kuwala kumene kukudutsa. Ku South Africa, kumene galimoto yangayi idachokera, lamulo limafuna kuti galasi lakutsogolo lidutse kuwala kosachepera magawo 70 pa 100 alionse, ndipo magalasi enawo magawo 35. Anthu kumeneko amamata pulasitiki pamagalasi poopa akuba amene amaswa galasi pamaloboti n'kutsomphola chikwama, koma ena amapyola muyeso. Pulasitiki yakuda kwambiri imadutsa magawo 5 okha. Ku Japan, kumene kumachokera galimoto zambiri zimene timayendera, magalasi a m'mbali mwa dalaivala nawonso amayenera kudutsa magawo 70. N'chifukwa chake muona Sienta kapena Noah yakuda kumbuyo koma yowala kutsogolo: mdimawo ndi wa m'galasi momwemo, wochokera kufakitale, ndipo sungakandike. Kwathu kuno za pamsewu zimayendera lamulo la Road Traffic Act la 1997, ndipo za COF ndi kusintha umwini zili m'manja mwa a Road Traffic. Amene mukufuna kugula galimoto, kafunseni kumeneko musadalipire. Ndipo tsitsani galasi pang'ono, mupapase m'mphepete mwake ndi chikhadabo. Mukamva kamzere, kapena mukaona timatuza ndi mtundu wopita kofiirira, dziwani kuti ndi chomata, ndipo mtengo wochotsera muuchotse pamtengo wa galimoto. Ine nzeru zimenezi zidandipeza ndalama itapita kale.

Wochotsa ndidamupeza kuseri kwa msika, kumene anyamata amakonza maloko ndi nyali za galimoto. Zida zake zidali lezala, botolo la madzi a sopo, nyuzipepala zakale ndi jumbo yakuda. Adanyowetsa galasi, adaphimba ndi jumbo, adasiya padzuwa kuti guluu afewe, kenaka n'kuyamba kusenda kuchokera pakona ngati akusenda nthochi yosapsa. Pulasitiki yakale siichoka yonse pamodzi. Imang'ambika tizidutswa, n'kusiya ulimbo umene umafuna kupala modekha. Magalasi awiri akutsogolo adamutengera maola awiri. Itakwana hafu pasiti leveni adasamba m'manja, adavala kofia.

"Achimwene, lero ndi Lachisanu, ndikupita kumzikiti. Akumbuyowa mubwere 3 koloko. Lakumbuyo kwenikwenilo lili ndi timawaya ta moto, silifuna lezala, lifuna mtima."

Maola atatu ndi theka m'tauni, m'thumba muli ndalama yowerengeka. Mwana wanga ndiye adaloza kumtunda. Nanenso ndidaganiza kuti galimoto imene ndikufuna izinyamula matumba ndiyenera kuiyesa pamtunda weniweni.

Zomba ndi tauni yokhala ngati nkhalamba imene idaona zambiri. Idali likulu la dziko lino kuyambira nthawi ya atsamunda kufikira 1975 pamene likulu lidasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu adapitiriza kukumana konkuno kwa zaka zambiri pambuyo pake. Ukasiya msewu wa M3 n'kuyamba kukwera, umadutsa nyumba zakale za boma, za njerwa zofiira ndi makhonde aatali, zina zosamalika, zina malata adachita dzimbiri. Hotela ya Masongola idali nyumba ya nthumwi ya Britain, yomangidwa mu 1886. Ife aphunzitsi Zomba timaidziwira kwina: ndi kwawo kwa MANEB, kumene kumachokera mayeso amene amatisowetsa tulo. Ndidamuuza mwana wanga zonsezi, iye maso ali pa anyani a m'mbali mwa msewu.

Msewu wokwera phiri ndi wa tara koma wopapatiza, wokhotakhota, phompho lili pambali. Apa m'pamene ndidamvetsa zimene wapolisi uja ankanena. Pamakona ena msewu umabwerera pafupifupi kumene wachokera, ndipo chimene chikubwera suchiona pagalasi lakutsogolo koma lam'mbali. Chikubweracho nthawi zambiri si galimoto. Ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, kapena bambo wotsetsereka ndi njinga yodzaza matabwa, mabuleki ake ali nsapato. Mtolo wotero ukatembenuka umatseka theka la msewu. Ndidadzifunsa kuti miyezi yonseyi ndinkayenda bwanji. Mwana wanga, amene adakhala kumbuyo, adadandaula kuti kwake kukuoneka ngati madzulo pamene kwanga ndi masana. Ndidaima, adabwera kutsogolo.

Hardbody idakwera ndi giya yachiwiri, ikulira koma osatentha. Pamwamba mphepo idasintha, kuzizira ngati mwezi wa Juni. Pafupi ndi hotela ya Ku Chawe anyamata adatizinga ndi timbale ta masitiroberi ndi zipatso zina za m'phirimo, ena ndi miyala yonyezimira. M'modzi adasuzumira n'kunena kuti, "Aa, ndi amalume, ndimayesa azungu," mtengo n'kutsika pomwepo ndisadanenerere. Phindu loyamba la magalasi owala lidali limenelo.

Tidaima pa damu la Mulunguzi, limene limamwetsa tauni yonse ya Zomba. Madzi ake ndi obiriwira, odekha, ndipo m'mbali mwake mudakali mitengo. Koma mukapitirira, mtima umawawa. Malo amene pazithunzi zakale pali nkhalango ya paini yothithikana, lero ndi zitsa, udzu ndi phulusa la moto wolusa. Pena adabzalamo mitengo yatsopano, yofika m'chiuno. Sindingaloze chala amayi a nkhuni aja, pakuti makala amene ndimaphikira kunyumba kwanga sagwa kumwamba. Komabe phiri limeneli ndi mtsuko. Mulunguzi, Likangala ndi Domasi imayambira muno, ndipo madzi ake amakathera m'nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulukira. Nyanjayi idaphwa mu 1995, idaphwanso kwambiri mu 2018, ndipo chaka chimenecho ndidaona ndi maso anga ana a asodzi akusiya sukulu chifukwa cha fizi. Zimenezi ndimaphunzitsa Fomu 3 ndi choko. Ndikadakhala ndi njira, phunziro limeneli bwenzi ndikuphunzitsira pano.

Njira yopita ku Emperor's View ndi yafumbi, yamiyala, ndipo apa galimoto yaitali miyendo idaonetsa ntchito yake. Malowa adatchedwa choncho chifukwa mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, idaimapo mu 1965. Chapafupi pali Queen's View, pokumbukira mayi wa Mfumukazi Elizabeth amene adafika mu 1957. Phirili pamwamba pake penipeni, pa Malumbe, limapitirira mamita 2,000, ndipo ngakhale sitidafike kumeneko, pamene tidaima padali pokwanira. Tauni yonse idali pansi pa mapazi athu, nyumba ngati mabokosi a machesi, mabwalo a yunivesite, msewu wopita ku Blantyre. Kutali, m'kati mwa utsi wa mwezi wa Ogasiti, nyanja ya Chilwa inkanyezimira ngati lata, chilumba cha Chisi chili pakati. Phiri la Mulanje linkangooneka mutu wokha, ngati layandama.

Mwana wanga adafunsa kuti kwathu ndi pati. Ndidaloza cha kumene ndinkaganiza. Adayang'ana nthawi yaitali, kenaka adati, "Ndiye anthu akakhala pano amationa?" Ndidati ayi, n'kutali. Adati, "Koma ife timaliona phirili tsiku lililonse." M'kalasi mwanga muli ana oposa 80, obadwira m'boma lomweli, ndipo nditawafunsa sukulu itatsegulidwa, amene adakwerapo phiri la Zomba adali atatu. Awiri mwa iwo adapita kukathandiza achibale kutuluka ndi matabwa.

Chifunga chidayamba kukwera cha m'ma 2 koloko, mwakachetechete, ngati utsi wa m'khitchini. Tidatsika ndi giya yoyamba ndi yachiwiri, nyali zoyaka, chifukwa wotsika phiri limeneli ndi mabuleki okha amafika pansi akununkha. Pakona ina mudatulukira mwana wa sukulu atasenza thumba la mbatata, ndidamuona bwinobwino pagalasi la kudzanja langa, iyenso adandiona, tidapatsana moni ndi dzanja.

Mnyamata uja tidamupeza akutidikira. Magalasi akumbuyo adamaliza dzuwa litapendeka, ndipo lija la timawaya adalisenda ndi zala, pang'onopang'ono, akuimba. Zidutswa za pulasitiki zidadzaza jumbo. Pa rodibuloko pobwerera padali apolisi ena, adangosuzumira n'kutikweza dzanja. COF ndidakatenga sabata yotsatira.

Tsopano vuto ndi lina. Kale ndinkadutsa pa sitolo osadziwika. Lero aliyense amaona kuti ndi aphunzitsi, ndipo amaonanso kuti mpando wakumbuyo ulibe munthu. Kuchoka kunyumba kufika pamsewu waukulu ndimaima kanayi. Loweruka lapitali amene adandiimitsa adali gogo uja, ali ndi mdzukulu wake atavala chipewa chachikulu, akupita kuchipatala kukatenga mafuta odzola oteteza khungu ku dzuwa. Mwanayo adakhala pazenera, ndipo gogoyo adandipempha kuti tiike chitenje pagalasi chifukwa dzuwa linkamuwotcha. Tidaika, mbali yake yokhayo, mpaka kuchipatala.