Tikiti yotchipa inaluza mlandu ku Ntchisi

Inu amene mumaoda tomato ndi kachewere kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, nkhani iyi si yachilendo kwa inu. Pamsewu paima malole awiri. Ina mtengo wake ndi wowawa, koma ikakutulani pa Wakawaka kusanache. Inayo ndi yotchipa, koma adalaivala akuti iwo athera pa Mponela, kumeneko mukadzionere nokha ina. Amene tomato anamuwolerapo pa Mponela safunsanso kuti akwere iti.

Ine ndinkayesa nzeru imeneyi ndi ya pamsika pokha. Ndinadzaona mu February 2025 kuti ndi ndege zomwe n'chimodzimodzi, kungoti apa katundu wake anali amayi anga ondibereka ndi ana awiri a achemwali anga.

Achemwaliwo ndi namwino ku Manchester, ku Mangalande. Anapita mu 2022, alamu n'kuwatsatira chaka chinacho. Ana, mnyamata wa zaka 9 ndi kamtsikana ka zaka 4, anatsala ndi agogo awo kumudzi, kunsi kwa phiri la Ntchisi. Maviza atatuluka, a ana okakhala ndi makolo awo ndi ya amayi yongokacheza, foni yanga inalira. "Iwe ndiye uli m'tauni. Tafufuza za ndege ukawafotokozere amalume. Ndalama ndilipira konkuno."

Ndinazungulira m'tauni masiku atatu, ndipo ndinanyamuka ulendo wakumudzi ndi mapepala atatu m'thumba.

Minibasi itadutsa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu pa Lumbadzi, ine ndinati ndichenjere. M'malo mozungulira pa tala ya ku Mponela, ndinakhota kulowera ku Dowa kuti ndidule njira yodzera pa Dzaleka. Mavenda ambiri malowa mumawadziwa chifukwa cha msika wa Lachiwiri. Ndi pamtunda, mphepo yake yolowa m'mafupa. Nthawi ya Kamuzu inali ndende ya andale, ndipo mu 1994 boma linaisandutsa kampu ya othawa kwawo. Anthu anafika popitirira 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Banja la pa Dzaleka likachita mwayi wosamukira ku America, Canada kapena Australia, tikiti imadzera ku bungwe la IOM. Iwo safunsidwa kuti mukufuna ndege iti. Ndinagwira mapepala anga aja n'kuona kuti kukangana pa ndege nakonso ndi mwayi.

Njira yachidule ija inandiphunzitsa mwambo. Mvula inali itagwa usiku. Kabaza amene ndinakwera anatereza kawiri, kachiwiriko tonse tinapezeka tili m'ngalande. Ulendo umene ndimati ndikadyera nsima ya masana kumudzi, ndinakafika nkhuku zikulowa, thalauzi ili matope mpaka m'chiuno.

M'mawa mwake kunacha bwino. Ntchisi wa mwezi wa February ndi wobiriwira mochititsa kaso: soya ndi mtedza m'zitunda, chimanga chamasula ngayaye, fodya wayamba kulowa m'zigafa. Pamwamba pa phiri nkhalango ija inali itafunda nkhungu. Akuluakulu amati makolo athu ankabisala m'menemo pothawa nkhondo ya Angoni. Kukayera, munthu ukakwera pamwamba umaona nyanja kum'mawa. Amayi anga dziko lawo ndi limeneli. Kutali kumene anafikako ndi ku Lilongwe, ku chipatala cha Central ndi kokajambulitsa za viza basi.

Bwalo linakhala pansi pa mtengo wa mango. Amalume, monga mwini mbumba, anakhala pampando, ena tonse pamphasa.

"Ndege yake ikuchoka pa Lumbadzi mpaka ku Mangalande osaima?" anafunsa amalume.

Ndinawauza kuti imeneyo kulibe. Aliyense wochoka kuno kupita ku Ulaya amasintha ndege penapake. Amalume anapukusa mutu. Iwo akukumbukira m'zaka za m'ma 1970, pamene Air Malawi inali ndi chindege cha VC10 chopita ku London. Bwalo la Kamuzu litatsegulidwa mu 1983, British Airways ndi KLM zinkateranso pamenepo, koma zonsezo zinasiya. Air Malawi yeniyeniyo inatha mu 2013, ndipo mu January 2014 panayamba kuuluka kampani yatsopano imene tikuitcha Malawi Airlines. Poiyambitsa, boma linatenga magawo 51 pa 100 alionse, Ethiopian Airlines n'kutenga 49.

Ndinayala mapepala aja pamphasa.

Loyamba linali la Ethiopian Airlines, kudzera ku Addis Ababa. Maola ngati 4 kuchoka ku Lilongwe, kudikira madzulo, kenaka pakati pa usiku kukwera ina ya ku Ulaya. Kampaniyi inayamba kutera ku Manchester mu December 2018, ndiye tikiti yake inali yokafika kumene kuli achemwali kwenikweniko.

Lachiwiri linali la Kenya Airways, kudzera ku Nairobi. Nairobi ndi pafupi, maola awiri ndi kanthu ngati simuima pena, ndipo kuchoka apo kukafika ku London ndi maola ngati 9. Koma London ndi Manchester zatalikirana makilomita oposa 300. Achemwali akanayenera kupempha tchuthi kuntchito, kuyendetsa galimoto kukawachingamira, n'kubwereranso ndi anthu otopa kale.

Lachitatu ndi limene linanditenga mtima. Mkulu wina wa tayi, wa kaofesi ka pamwamba pa shopu ina m'tauni, anandisokera ulendo wodzera ku Johannesburg: tikiti ina kuchoka ku Lilongwe, maola awiri ndi theka, ndi tikiti ina ya kampani ina kuchoka ku Joni, maola ngati 11 kukafika ku London. Pa anthu atatu, kutsika kwa mtengo wake kukanagula matumba a feteleza a munda wonse wa amayi. Matikiti a ndege amawerengera ku dola, ndipo inu mukudziwa chimene kwacha inaona mu November 2023 itagwetsedwa ndi 44 peresenti. Alamu kumeneko anali atamva kale mtengowo ndipo anali ataukonda.

"Ku Joni ndiye ndikukudziwa," anatero amalume. Iwo anakwerapo ndege za Wenela ali mnyamata, popita kumigodi. Anafotokoza mmene ankawaimikira pamzere, nambala pamkono, osafunsa kanthu. Anakumbutsanso za pa 4 April 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown ku Botswana ikubwera kuno. Anthu 78 anafa, ambiri Amalawi obwerera kumudzi, ndipo Kamuzu analetsa Wenela kulemba anthu. Amayi anangoti zii. Ndinadziwa kuti maganizo awo ali pa ndege ija ya asilikali inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024 ndi a Chilima. Ndinawauza kuti makampani onsewa amanyamula anthu miyandamiyanda tsiku lililonse, ndipo kwa ine choopsa pa ulendo wonsewu chinali kabaza wadzulo uja. Anaseka pang'ono.

Kenaka amayi anafunsa funso limene ine, ndi MSCE yanga, sindinalifunse kwa mkulu wa tayi uja.

"Iwe, ku Joniko, katundu anditsitsira ndani? Nanga ndege yoyambayo ikachedwa, yachiwiriyo indidikira?"

Tinakwera pachulu pamene pamagwira netiweki n'kuwaimbira achemwali. Iwo anafunsa kwa anzawo oyendayenda, ine ndinaimbira ofesi ya ndege ku Lilongwe. Mayankho anabwera ofanana, ndipo mumve bwino inu amene mukuganiza zotumiza makolo kunja.

Ulendo wonse ukakhala pa tikiti imodzi, katundu mumapereka pa Lumbadzi ndipo mumakamulandira kumene mukupita. Ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, ndi udindo wa kampani kukukwezani ina popanda kugulanso tikiti. Koma matikiti akakhala awiri osiyana, kampani yachiwiri siikudziwani kuti mwachokera kuti. Mukachedwa, ndalama yapita, mugule ina pamtengo wa tsiku lomwelo. Komanso nthawi zambiri mumayenera kutuluka, kudinditsa pasipoti, kutenga zikwama zonse, n'kukaziyezetsanso. Kutuluka kumeneko ndiye kuti mwalowa m'dziko la South Africa. Tangoganizani mayi wa zaka 63, Chingerezi chake ndi cha "yes" ndi "thank you", zikwama 6, kamwana kakulira tulo, ndiye wapolisi akufunsa mapepala.

Panalinso nkhani ya sikelo. Pa tikiti za Ethiopian ndi Kenya Airways zimene ndinali nazo panalembedwa zikwama ziwiri za makilo 23 pa munthu aliyense. Pa pepala la mkulu wa tayi, nditaliwerenga modekha, ndinapeza kuti gawo lachiwiri linali la chikwama cham'manja chokha. Zinazo kulipira padera, chilichonse pachokha. Feteleza uja anayamba kusungunuka ndili chiimire pachulu pomwepo.

Titatsika, amalume anaweruza. "Ulendowu si wa iwe, si wa alamu ako. Ndi wa mlongo wangayu ndi kamwanaka. Gulu la ng'ombe limayenda liwiro la yotsimphina. Atenge yokawatula pakhomo."

Alamu anadandaula pafoni, koma mawu a mwini mbumba ndi omaliza. Tinatenga ya ku Addis Ababa, tikiti imodzi mpaka ku Manchester. Sindikuti kampani imeneyi iposa zinzake ayi. Achemwali akanakhala ku London, mwina tikanatenga ya ku Nairobi. Ndikanakhala ine ndekha ndi kachikwama kumsana, ya ku Joni ija ndikanaithamangira.

Achemwali atalipira, ananditumizira pepala n'kundiuza kuti ndione zinthu ziwiri. Choyamba, maina alembedwe ndendende ngati mmene alili mu pasipoti, chifukwa chilembo chimodzi chikhoza kumubweza munthu pageti. Chachiwiri, pakhale nambala ya tikiti ya manambala 13. Pepala longokusungirani malo limaoneka ngati tikiti, koma ngati nambala imeneyo palibe, ndiye kuti ndalama sinafike ku kampani. Ndipamene ambiri amabedwera. Tinapemphanso masiku angapo ulendo usanafike kuti amayi adzawayendetse pa njinga ya olumala posintha ndege. Sizilipiritsa, ndipo amene akukukankhayo ndi amene amadziwa geti. Amayi anakana poyamba, ati iwo amalima okha ekala ziwiri. Tinawauza kuti si za miyendo, ndi zoti asasochere.

Usiku wa kulongedza kunali mlandu wina. Tinabwereka sikelo ya a soya. Ufa woyera unalowa, usipa wouma unalowa, mtedza ndi nyemba zinalowa. Nyama yofutsa imene amalume anakonzera alamu inatsala, chifukwa ku Mangalande salola nyama ndi zamkaka zochokera kuno. Kachewere nayenso ndi woletsedwa. Amayi anakwiya zedi. "Mwana wanga adye mbatata ya azungu ine ndili ndi dimba?" Tinachita kuwalanda m'manja.

Tsiku la ulendo sindinayerekeze n'komwe njira ya Dzaleka. Mafuta nthawi imeneyo ankavuta, ndiye Sienta tinaipangana dzulo lake itamwa kale. Tinanyamuka kusanache, kudzera pa boma la Ntchisi, kutsikira pa Mponela, n'kulowa M1 kulunjika ku Lumbadzi. Tinafika nthawi ikadalipo yambiri, kamtsikana n'kugona pamiyendo pa agogo ake. Poitana anthu, amayi anamanga bwino chitenje, n'kundigwira dzanja. "Ukawauze amalume ako asaiwale kupopera fodya." Mnyamata uja ananyamula envulopu ya mapasipoti ngati mkulu, ndipo analowa osacheuka.

Ndinagona foni ili pachifuwa. M'mawa mwake kunabwera chithunzi: amayi ali mu chijasi chachikulu cha alamu, achemwali akulira, kamtsikana kakubisala kumbuyo kwa agogo chifukwa mayi ake kanali katawaiwala. Zikwama zonse 6 zinafika.

Sabata yotsatira ndinabwerera kumudzi kukapereka uthenga wa fodya. Amalume anandiuza kuti tsiku lija madzulo anaima m'munda ndipo anaona ndege ikudutsa pamwamba pa phiri kulowera kumpoto. Akuti anavula chipewa n'kuibayibitsa. Kaya inali yomweyo kaya ina, ine sindinawatsutse. Kachewere uja tinakazinga tsiku lomwelo, ndipo pobwerera ndinadzera pa Mponela.