Atsikana ndi Mfuti ku Zürich

Amayi anzanga, ambiri a ife tinakula tikudziŵa kuti mfuti si kanthu kogwira mwana. Kumudzi inali ya mlenje, ndipo pamene inali kupachikidwa ife ana aakazi sitinali kuyandikirapo. M'tauni inali ya msilikali ndi wapolisi. Enanso a ife sitinaiŵale Disembala wa 1993, pamene asilikali analanda zida za a Malawi Young Pioneers, ife tili chigonere pansi m'nyumba pamodzi ndi ana athu. Motero ena mudzadabwa kumva kuti kuli dziko limene makolo amaperekeza mwana wa zaka 13 kukawombera mfuti monga momwe ife timaperekezera athu ku kwaya.

Dzikolo ndi Switzerland. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa kumeneko, mumzinda wa Zürich, ndipo ulendo wina ndinakakhala nawo miyezi itatu. Mumzindawu muli mwambo wotchedwa Knabenschiessen, ndiko kunena kuti kuwombera kwa anyamata, umene unayamba kale m'zaka za m'ma 1600. Umachitika chaka ndi chaka kumapeto kwa mlungu wachiŵiri wa Seputembala, pamalo otchedwa Albisgütli, kuyambira Loŵeruka kufikira Lolemba, ndipo Lolembalo masana anthu ambiri sabwerera ku ntchito. Opikisana ndi ana a zaka 13 kufikira 17, ndipo amadza zikwizikwi. Dzina lake likali la anyamata, komatu chiyambire 1991 atsikana nawonso amaloledwa, ndipo mu 1997 mtsikana anapambana onse kwa nthaŵi yoyamba.

Mdzukulu wanga anali ndi zaka 14 chaka chimenecho. Madzulo ena, tikusenda mbatata, anati, “Agogo, Lamulungu ndikawombera. Mudzabwera kudzandionerera?” Ndinayang'ana amake, amake nayang'ana kumbali. Ndinamuyankha kuti ndidzapita, pakuti mwana akafuna kuchita chinthu choopsa nkwabwino kuti wamkulu akhale pomwepo, maso ali tcheru.

Kunja kwa malowo kuli chisangalalo chachikulu: akatungwe a makina, ogulitsa maswiti ndi masoseji, phokoso la ana. Koma m'nyumba yowombereramo muli khalidwe lina. Simuona mwana akuthamanga kapena kuseka mwachipongwe. Aliyense amavala zotseka m'makutu nadikira nthaŵi yake. Ikakwana, amagona chafufumimba, mfuti itakhazikidwa pa timiyendo take tiŵiri, ndipo pambali pake pamakhala mlangizi wamkulu amene sachotsa maso pa iye. Mfutiyo ndi yomwe ija ya asilikali a dzikolo, yotchedwa Sturmgewehr 90. Chandamale chili pa mtunda wa mamita 300, ngati mabwalo atatu a mpira olumikizana, kotero kuti kwa ine wa maso okalamba chinali kadontho chabe. Mwana amawombera zipolopolo zisanu, ndipo wolasa bwino zonse amapeza mapointi 35.

Chimene chinandigwira mtima ndicho kuona mdzukulu wangayo atakhazikika. Kunyumba ndi mwana wa phuma, wosatha kupukuta mbale ziŵiri osathamangira lamya yake. Apo ndinamuona atagona phee, akumvera nkhalamba ya imvi imene inali kumunong'oneza. Pambuyo pake anandifotokozera zimene anali kuchita. Ati munthu sawombera ndi mphamvu. Umayala thupi lonse pansi kuti mafupa ndiwo anyamule mfuti, pakuti minofu imatopa ninjenjemera. Umapuma, nutulutsa mpweya pang'ono, nuima. Kenaka umafinya kachitsulo kowombera pang'onopang'ono, osakoka mwadzidzidzi, chifukwa kamwa ya mfuti ikapatuka pang'ono pokha, chipolopolo chikafika pa mamita 300 chapita kutali ndi pamene unalinga. Wokwiya, wamantha kapena wothamanga mtima salasa. Anandiŵerengeranso malamulo amene amaphunzitsidwa poyamba penipeni: mfuti iliyonse uiyese yodzaza, usailoze pa chinthu chimene sufuna kulasa, chala chikhale kutali ndi kachitsulo kufikira utalinga, ndipo uzindikire bwino chimene ukuwombera. Anapeza mapointi 24, nasunga kapepala kake ngati satifiketi ya sukulu.

Si ana okha ai. M'midzi yambiri ya dzikolo muli bwalo lowombererapo ndi bungwe lake, monga kwathu mudzi uliwonse uli ndi bwalo la mpira. Achinyamata a zaka 15 kufikira 20 amakhala ndi maphunziro awo. Chaka chilichonse, chakumapeto kwa Meyi kapena kuchiyambi kwa Juni, kumachitika Feldschiessen, pamene anthu oposa 100,000 amawombera m'mabwalo a kwawo osalipira kanthu. Mdzukulu, atate ndi agogo amagona pamzere umodzi. Gwero la zonsezi ndi usilikali. Mwamuna wa dzikolo amayenera kutumikira m'gulu lankhondo, koma akatha maphunziro oyamba amabwerera ku ntchito yake atanyamula mfuti, naitanidwanso nthaŵi ndi nthaŵi. Chaka chilichonse amayenera kukawombera pa bwalo kuti dzanja lisaiŵale. Akazi amene analoŵa mochedwa m'maseŵeraŵa afika patali: Nina Christen anatenga mendulo ya golide pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021, ndipo Chiara Leone anachitanso chimodzimodzi ku Paris mu 2024.

Pano ndipatukeko pang'ono. M'dziko limeneli chida ndi ufulu wa kulankhula zinayendera limodzi kwa zaka zambiri, ndipo zonse ziŵiri zinali za amuna. Akazi analoledwa kuponya voti pa nkhani za dziko lonse mu 1971, ife a ku Malaŵi titayamba kale. M'chigawo cha Appenzell Innerrhoden, kumene anthu amasonkhana pabwalo navota pokweza manja, mwamuna anali kusonyeza kuti ngwoyenera kuvota ponyamula lupanga, ndipo akazi analoŵa m'bwalolo pokhapo bwalo lalikulu la milandu litalamula mu 1990. Tsono mtsikana akagona pambali pa anyamata ku Albisgütli, amake ndi agogo ake amaona zambiri koposa maseŵera.

Koma mfuti sikhala pa bwalo masiku onse. Imabwerera kunyumba, ndipo nkhaŵa yanga ili pamenepo. Pa bwalo pali mlangizi, pali malamulo, palibe moŵa m'mutu mwa wowombera. M'nyumba muli ngongole, nsanje, kuledzera ndi mikangano ya pakati pa usiku, zimene ife okwatiwa tizidziŵa kuti sizisankha dziko kapena mtundu wa khungu. Pa 30 Epulo 2006, Corinne Rey-Bellet, mayi wotchuka pa mpikisano wotsetsereka pa chipale, amene anatenga mendulo ya siliva pa mpikisano wa dziko lonse mu 2003, anawomberedwa ndi mwamuna wake kunyumba kwa makolo ake ku Les Crosets. Anali atangopatukana masiku oŵerengeka. Mlongo wake Alain anafera pomwepo, amayi awo navulala kwambiri. Mwamunayo anali mkulu wa asilikali, wophunzitsidwa bwino malamulo onse anayi aja, ndipo chida chake chinali kamfuti kam'manja kamene analandira ku usilikali. Patapita masiku anapezeka atadzipha.

Amayi a dzikolo sanakhale chete. Magazini ya amayi yotchedwa Annabelle inasonkhanitsa maina a anthu opempha kuti zida za usilikali zichoke m'nyumba. Mu 2007 nyumba ya malamulo inagamula kuti asilikali asamapatsidwenso kabokosi ka zipolopolo kosunga kunyumba, ndipo kuyambira 2010 msilikali angathe kukasiya mfuti yake ku nyumba yosungiramo zida popanda kulipira. Koma pamene funso lochotseratu mfutizo m'nyumba linaperekedwa kwa anthu onse pa riferendamu ya mu Febuluwale 2011, anthu 56 mwa 100 alionse anakana. Ine ndikanakhala ndi voti kumeneko ndikanavomera. Sindiona chimene mwana angataye pa maphunziro ake ngati mfuti igona kwina, iye nakaipeza pa bwalo tsiku lowombera.

Mkamwini wanga ndi munthu wofatsa, wosamwa, ndipo sindinamvepo mawu ake atakwera. Komabe atatsiriza usilikali anagula mfuti yake, monga lamulo lilola kwa amene wapeza chilolezo, ndipo ili m'nyumba momwe mumagona adzukulu anga. Mwambo wathu sulola mpongozi kufunsa mkamwini maso ndi maso za m'nyumba mwake, motero ndinadzera kwa mwana wanga tili aŵiri kukhitchini. Anati, “Amayi, kuno nyumba zambiri zili nazo, musavutike mtima.” Ndinamuuza kuti za nyumba zambiri sindikufunsa, ndikufunsa za yake.

M'maŵa mwake mkamwini yekha anadza, nati, “Amayi, tiyeni mukaone.” Ananditengera kuchipinda cha pansi pa nyumba. Mfuti inali m'kabati yachitsulo yokhoma. Chitsulo chake cha m'kati chimene chimaloŵetsa chipolopolo, chomwe popanda icho mfuti silira, chinali m'kabokosi kena, pakuti lamulo limati ziŵirizi zisungidwe padera. Zipolopolo munalibe, ati amagula pa bwalo nazithera pomwepo. Ndinathokoza, kenaka ndinafunsa kuti makiyi aŵiriwo amasunga ndani. Onse anali pa mphete imodzi, m'thumba mwake. Anakhala chete kanthaŵi, navula kiyi wa kabokosi, napatsa mkazi wake. Mdzukulu uja atakwanitsa zaka 15 analembetsa maphunziro a achinyamata pa bwalo la kufupi ndi kwawo, ndipo amawombera ndi mfuti ya kumeneko. Kiyi wa kabokosi akali kwa amake.