Hilux ikamati "gu!" pobwerera m'mbuyo

Hilux ikalira kuti "gu!" kamodzi kokha dalaivala atangoponda buleki pobwerera m'mbuyo, makaniko wodziwa ntchito sathamangira kugula zitsulo zatsopano. Kawirikawiri amakhala ma brake pad akutsogolo: tizitsulo towagwira tikatha, amasuntha pang'ono n'kugunda mbali inayo galimoto ikasintha kolowera. Mabawuti a caliper akamasuka amaliranso chimodzimodzi, koma awo ndiye oopsa, si ogona nawo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Pamalo athyathyathya, akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, dalaivala aimitse galimoto ndi handibuleki yokha, yomwe imagwira matayala akumbuyo. Phokoso likamvekabe, akayikire mabuleki akumbuyoko.

Likamveka pongolowetsa giya, buleki asanaiponde n'komwe, mabuleki alibe mlandu. Makaniko alowe pansi, agwedeze propshaft aone ngati majoini ake sakusewera.